Mangal a kumathiriro a Zambezi: dulani mosamala, bzalani pamalo pake

Zambezi amachokera ku Mwinilunga m'dziko la Zambia, n'kuyenda makilomita oposa 2,500, kulandira Shire panjira, mpaka kukathira m'nyanja ya Indian ku Mozambique. Kumathiriroko mtsinjewu umagawikana timitsinje tambiri, monga wa Chinde ndi wa Luabo. M'matope amchere a kumeneko mumamera mitengo imene eni dera amaitcha mangal.

Asodzi, chuma chanu chili pamizu ya mitengoyi. Camarão (prawns pa Chingerezi) amene amagwidwa ku Sofala Bank, malo osodzerako m'nyanja kufupi ndi gombe la Mozambique, amaswana kunyanja, koma ana ake amakulira pakati pa mizu imeneyi, limodzi ndi nkhanu ndi tinsomba. Chimangireni madamu a Kariba mu 1959 ndi Cahora Bassa mu 1974, madzi sasefukiranso monga kale, choncho malo okuliramo anachepa kale. Tikawonjeza nkhwangwa, tadziwotcha tokha.

Mukafuna milimo kapena nkhuni, musagwetse chigawo chonse. Dulani umodzi apa, wina uko, ndipo mzere woyang'ana kumadzi musaukhudze, chifukwa ndiwo umagwira dothi ndi kufooketsa mafunde pa namondwe. Amene anaona Freddy ku Zambezia mu 2023 safunika kuwauza.

Kubzala ndiye kumene ambiri amaphonya. Mbewu za mitundu ina ndi zazitali ngati chitheba, zimamerera pamtengo pomwe. Tolani zokhwima, zimene zagwa zokha kapena zothothoka mukangozigwira, zopanda zibowo za tizilombo. Dikirani madzi aphwe, muzizike m'matope mbali yosongoka pansi, gawo limodzi mwa magawo atatu, motalikirana pafupifupi mita imodzi. Sankhani pamene mangal analipo kale, pomwe madzi amafika n'kubwerera tsiku lililonse. Pamchenga kapena pamene madzi amangoima, mwataya thukuta. Ngati ngalande yobweretsa madziwo yatsekeka, yambani mwaitsegula. Mukatero, nthawi zambiri mitengo imabwerera yokha.

Za chicocota, ukonde wosokedwa ndi neti ya udzudzu uja, sindinyengerera. Umakokolola ndi ana a nsomba omwe, ndipo lamulo limauletsa.

Alendo obwera kudzawedza kapena kudzaona mbalame ndi njati za kumalo osungira nyama a Marromeu muziwaperekeza pabwato, ndi ndalama imeneyo. Koma musawalole kusambira. Ng'ona ndi mvuu zilimo, ndipo shaki wotchedwa Zambezi amalowa mpaka m'madzi opanda mchere.