Mmene Mungawerengetsere Kufala kwa Matenda Pakati pa Mzuzu ndi Madera Oyandikana Nawo

Yambani ndi malo atatu okha, monga Mzuzu, Ekwendeni ndi Nkhata Bay, ndipo lembani chiwerengero cha anthu a malo alionse pa pulogalamu ya pakompyuta ya Excel. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000 mumzinda wa Mzuzu. Anthu a malo alionse muwagawe patatu: amene angatenge matendawo, amene akudwala ndipo akupatsira ena, ndi amene achira kapena amwalira. Njirayi imatchedwa SIR, kuchokera ku zilembo zoyamba za mayina a Chingerezi a magulu atatuwa, ndipo anaiyambitsa ndi Kermack ndi McKendrick mu 1927.

Mzere uliwonse wa pa Excel uziimira tsiku limodzi. Tiyerekeze kuti munthu amapatsira anzake kwa masiku 5, ndipo pamasiku amenewo amapatsira anthu awiri ngati onse omuzungulira alibe chitetezo. Nambala 2 imeneyi ndiyo akatswiri amaitcha R0. Kuti mupeze odwala atsopano a tsikulo, chulukitsani odwala a dzulo ndi 0.4 (ndiye kuti anthu 2 aja kugawa ndi masiku 5), kenako ndi gawo la anthu amene sanadwalebe, ndipo wodwala mmodzi mwa asanu alionse mumusamutsire ku gulu la ochira.

Ntchito yeniyeni ili pa maulendo, ndipo apa mpamene ambiri amangolota manambala ali muofesi. Pitani kudepoti ya Mzuzu ndi kope m'manja, muwerenge maminibasi otsika ku Nkhata Bay pamsewu wa M5 ndi olowera ku Ekwendeni pa M1, osaiwala matakisi, ndipo muchite zimenezi masiku angapo chifukwa Loweruka silifanana ndi Lachiwiri. Ngati munthu mmodzi pa 100 alionse ku Nkhata Bay akudwala, ndipo anthu 300 amakwera kubwera ku Mzuzu patsiku, ndiye kuti odwala atatu akulowa mumzinda tsiku lililonse. Mayi wobwera ndi dengu la usipa m'mawa n'kubwerera madzulo musamulembe ngati wasamuka. Wapatsira kapena kutenga matenda kumsika, koma agona kwawo. Mukawonkhetsa anthu a malo onse atatu, chiwerengero chisasinthe, ndipo chikasintha dziwani kuti penapake mwaphonya.

Kenako yesani kudula maulendo ndi theka. Kawirikawiri muona kuti mliri wangochedwa kufika koma wafikabe, pamene kuteteza ndi katemera anthu oposa theka kumauletsa kukula ngati R0 ndi 2. Koma kuti chikuku chisafale, pamafunika kuti anthu pafupifupi 95 pa 100 alionse alandire katemera.

Kolera, ngati amene anavuta m'dziko muno mu 2022 ndi 2023, amafala kwambiri kudzera m'madzi ndi chakudya, choncho malo alionse muwonjezerepo gawo lachinayi loimira kuchuluka kwa tizilombo m'madzi amene anthu akumwa.