Funso lakuti "Myuda ndi ndani?": poyambira pake

Inu amene mwayamba kuphunzira nzeru za Ayuda a masiku ano, langizo langa ndi ili: mabuku a anthu oganiza mozama ayambe adikira. Yambani ndi mlandu wa Oswald Rufeisen.

Bamboyu anabadwa Myuda ku Poland. Mu 1942 anathandiza Ayuda a m'tauni ya Mir kuthawa Anazi a ku Germany, kenako analowa Chikatolika nakhala wansembe, anthu n'kumamutcha Brother Daniel. Atafika ku Israel anapempha unzika potsatira lamulo la 1950 lolola Myuda aliyense kubwerera kwawo. Khoti lalikulu linamukana mu 1962. Chonsecho malamulo a arabi (aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda), otchedwa halakha, amati wobadwa kwa mayi wachiyuda ndi Myuda basi, ngakhale atapita kutchalitchi. Oweruza anatsata mmene munthu wamba amaonera nkhaniyi.

Mukamvetsa zimenezi, tengani pepala. Pa nkhani iliyonse lembani kuti wayankha ndani: arabi, boma, kapena mwiniwake. Lembaninso chomwe chikufunidwa: pasipoti, ukwati kapena manda. Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Kuyambira 1970, mdzukulu wa Myuda amalandira unzika, koma ngati mayi ake si Myuda arabi a boma samumangitsa ukwati, n'chifukwa chake ambiri amakakwatirana ku Cyprus. Ku America nako, Ayuda a Reform, gulu lomwe limasintha miyambo kuti igwirizane ndi nthawi, anagwirizana mu 1983 kuti mwana wa bambo wachiyuda awerengedwe ngati waleredwa m'Chiyuda. A Orthodox, omwe amasunga halakha mosasintha, sanavomere.

Tsopano itanani anzeru aja ngati mboni. Spinoza anachotsedwa mumpingo wa Ayuda ku Amsterdam mu 1656 koma sanabatizidwe, ndiye mumuika mbali iti? Moses Mendelssohn mu 1783 anatsutsa zoti chipembedzo chikhale ndi mphamvu yothamangitsa munthu. Mordecai Kaplan mu 1934 anati Chiyuda ndi moyo wonse wa mtundu, chinenero ndi miyambo yomwe. Kwa ine Kaplan ndiye amafotokoza bwino chigamulo cha 1962.

Za magazi musamale nazo. Anthu a mtundu wa Lemba a ku Zimbabwe ndi South Africa, omwe amati makolo awo anali Ayuda, anayezedwa DNA, ndipo amuna ena anapezeka ndi zizindikiro za ku Middle East, koma halakha imayang'ana mayi kapena kulowa Chiyuda pamaso pa arabi. Ayuda a ku Ethiopia anavomerezedwa kuti ndi Ayuda ndi Rabi Ovadia Yosef, mmodzi wa arabi aakulu a ku Israel, mu 1973, komabe atafika ku Israel ambiri anauzidwa kuti amizidwe m'madzi a mwambo ngati anthu ongolowa kumene Chiyuda, ndipo mu 1985 anachita zionetsero ku Yerusalemu.