Momwe mungadutsire mapiri a Manenekela m'dzinja pochokera ku Lusaka

Kumapeto kwa Febuluwale anthu ambiri a muno mu Lusaka amapita kum'mawa ku mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni, pafupi ndi Chipata, ndipo nthawi imeneyi imakhala pakati penipeni pa dzinja. Msewu wa Great East Road ndi wa phula, ndipo kuchoka kuno kukafika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, koma chigawo chimene chimafuna mtima wodekha ndi cha mapiri a Manenekela, mukapitirira Rufunsa kutsetserekera ku mtsinje wa Luangwa.

Yambani ndi galimoto kudakali masiku awiri kapena atatu. Makanika aone mabuleki, mawaipa ndi nyali, ndipo inuyo muyang'ane matayala ndi maso anu, chifukwa tayala lakutha limatsetsereka pa phula lonyowa ngati pa sopo. Sipeya ikhale yopopa, jeke ndi sipanala zikhale pamalo pamene mungazipeze popanda kutsitsa katundu yense pamvula.

Kenaka konzani nthawi. Nyamukani m'mamawa kuti mapiriwo muwadutse dzuwa lisanafike pamutu, popeza mvula ya dzinja imakonda kugwa masana ndi madzulo. Thirani mafuta odzaza thanki muno mumzinda kapena pa Chongwe, pakuti kutsogoloko malo othirira mafuta ndi otalikirana. Ine sindilangiza munthu aliyense kudutsa chigawo chimenechi usiku, ngakhale uthenga wa maliro utabwera madzulo. Ndi bwino kugona n'kulawirira.

Mukafika pa mitsetse, apa ndiye pagona nkhani. Ikani giya yotsika musanayambe kutsetsereka, kuti injini igwire galimoto, ndipo buleki muziponda pang'ono n'kusiya. Mukaipondereza mtunda wautali imatentha n'kuleka kugwira, ndipo chizindikiro chake ndi fungo la chinthu chopserera komanso phazi kumalowa pansi kuposa nthawi zonse. Mukamva fungo limenelo, pezani malo otakasuka, imani, mudikire kuti mabuleki azizire okha osawathira madzi. Kutsetsereka galimoto ili pa fili, kutanthauza kuti siili m'giya, pofuna kusunga mafuta n'kuika moyo pachiswe.

Malole olemera amakwera zitundazi ngati kamba, ndipo mtima umafuna kuwapitirira. Musatero pokhota kapena pamene simukuona kutsogolo. Khalani kumbuyo kwake patali ndithu mpaka msewu uwongoke. Mukaona nthambi zamasamba zitayalidwa m'mbali mwa phula, chepetsani liwiro nthawi yomweyo, chifukwa ndiyo njira imene madalaivala amachenjezera anzawo kuti kuseri kwa khotalo kwafera galimoto. Mvula ikagwa yamphamvu, madzi amakokolola miyala ndi dothi kuchokera m'mapiri n'kuzisiya pamsewu, ndipo maenje amabisala pansi pa zithaphwi. Yatsani nyali ngakhale masana, ndipo ngati mawaipa akulephera kuchotsa madzi, patukani muime.

Pa mlatho wa Luangwa, umene unamangidwa mu 1968, pali apolisi, choncho laisensi ndi mapepala a galimoto zikhale pafupi. Pumulani pa msika wa pamenepo, pomwe amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, muzungulire galimoto n'kuona matayala onse. Tsidya linalo zitunda ndi makhota zikupitirira mpaka ku Kacholola ndi Nyimba, choncho woyendetsa amene watopa asinthane ndi mnzake asanawoloke.