Dziwani mtima wanu, shuga asakuwonongereni mitsempha

Ndakhala ndi shuga kuyambira 2015. Ndinali mphunzitsi, pano ndinapuma ndipo ndimakhala ku Chilenje, mu Lusaka. Pabenchi ya kukiliniki ambiri timalandira mankhwala a shuga omwewo a metformin, koma pakapita zaka wina maso achita chifunga, wina impso zatopa, wina wadulidwa chala cha kuphazi. Shuga akakhalitsa wokwera m'magazi amawononga timitsempha ta m'maso, ta mu impso ndi ta kumapazi, komanso mitsempha ikuluikulu yopita kumtima ndi ku ubongo. Khalidwe la munthu silikhala m'botolo la mankhwala, koma limafulumizitsa kapena kuchedwetsa zonsezi. Choyamba dzifunseni kuti ndinu munthu wotani.

Ine ndine wa gulu losunga zinthu mumtima. Katswiri wina wa ku Belgium, Johan Denollet, anatcha khalidweli Type D m'zaka za m'ma 1990 pofufuza odwala mtima: munthu wodzala nkhawa koma wosauza aliyense. Nkhawa imachititsa thupi kutulutsa mahomoni a cortisol ndi adrenaline, chiwindi chimathira shuga m'magazi, BP nayo imakwera. Koma chimene chinatsala pang'ono kundipweteka ndi pakamwa panga. Mapazi anachita dzanzi miyezi 6, usiku akutentha ngati ndaponda makala, adokotala akafunsa ine n'kumati, "Ndili bwino." Tinaleredwa kuti mwamuna sadandaula.

Ngati muli ngati ine, usiku woti mawa ndi tsiku la kukiliniki lembani papepala chilichonse chachilendo, mukafika mungopereka pepalalo. Pitani ndi munthu amene sangakubisireni, ine ndimapita ndi mwana wanga wamkazi, ndikati ndili bwino iye amati, "Atate, nenani za mapazi zija." Mukalowa m'chipinda vulani nsapato ndi sokosi musanauzidwe. Kunyumba yang'anani mapazi tsiku lililonse, pakati pa zala ndi kunsi komwe, ndi kagalasi ngati simutha kuwerama. Phazi ladzanzi silimva minga, ndipo kachilonda kakang'ono ndi komwe kamadulitsa mwendo.

Amtima wapachala, vuto lanu lalikulu ndi BP. Shuga ndi BP zikakumana, sitiroko siikhala patali. Yezetsani pafupipafupi n'kumalemba manambala. Ikamafika 140/90 musadikire tsiku limene anakulemberani. Fodya mukuti amakuziziritsani mtima uja amafinya mitsempha, musiyeni. Mkwiyo ukabwera tulukani mukayende. Mphindi 30, masiku 5 pa mlungu, zikukwana mphindi 150 zimene bungwe la WHO limalimbikitsa. Kutsika minibasi siteji imodzi musanafike kwanu n'kuyamba kale.

Palinso a "tidzaona mawa", anthu osangalala, okondedwa paukwati ndi pamaliro pomwe, koma mapiritsi amatha iwo osadziwa. Musadalire kukumbukira. Ikani mankhwala pamene mumadyera nsima, tcherani alamu pafoni. Sankhani mwezi umodzi, kaya November popeza pa 14 ndi tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, ukhale wopimitsa maso, ku chipatala chachikulu cha UTH kapena kumene akutumizani, ndi wopereka mkodzo kuti aone impso. Maso amawonongeka mkati inu mukuonabe bwinobwino. Funsaninso za HbA1c, imene imasonyeza mmene shuga wayendera miyezi pafupifupi 3. Kwa akuluakulu ambiri cholinga n'kukhala pansi pa 7 peresenti.

Amantha kwambiri, musadziphe ndi njala. Kudumpha chakudya mutamwa mapiritsi a shuga a glibenclamide kapena mutabaya insulin kumagwetsa shuga mpaka kukomoka.

Kaya ndinu a gulu liti, chifuwa chikathina, pakamwa pakapindika, mkono ukafooka kapena mawu akayamba kusokonekera, pezani galimoto yopita kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Anzanga osunga mumtima, inu makamaka: dzutsani amene mwagona naye m'nyumba.