Dzina la mwana: liyeseni pakamwa ndi papepala musanalilembetse

Mphatso, Chisomo, Thokozani, Chikondi, Madalitso. Mayinawa ndi ofala moti mphunzitsi wa sitandade 1 akaitana kuti "Chisomo!" amacheuka ana angapo, anyamata ndi atsikana omwe. Kuti mudziwe ngati dzina lafala kwanuko, tcherani khutu pamene ana akuitanidwa kusikelo kapena ku Sande sukulu. Kufala si chifukwa chosiyira dzina lomwe mwalikonda. Ingoliphatikizani ndi lachiwiri losamveka kawirikawiri, makamaka ngati dzina la bambo lili Banda, Phiri kapena Mwale, chifukwa a Chisomo Banda alipo ambiri ndipo mapepala awo amasokonezeka.

Chofunika kuganizira kwambiri ndi katchulidwe. Tengani Mphatso. Dzinali lili ndi maphatikizo awiri, Mpha-tso, ndipo ph wake ndi p wotuluka ndi mpweya. Ikani kapepala pafupi ndi milomo munene kuti "pala", kenako "phala". Pa mawu achiwiriwo kapepalako kagwedezeka. Mpweya womwewo ndi umene uli mu th wa Thokozani ndi kh wa Khumbo. Vuto limabwera mwana akakakulira ku Leeds kapena ku Johannesburg: wowerenga Chingerezi akaona ph amatchula f, ndiye Mphatso amasanduka "Mfatso", Pemphero "Pemfero", pomwe th wa Thokozani amamutchula lilime lili pakati pa mano. Powaphunzitsa aphunzitsi akumeneko musachite kufotokoza zambiri. Auzeni kuti h asamuwerenge, anene p kapena t mwamphamvu, chifukwa p ndi t wa Chingerezi kumayambiriro kwa mawu amatuluka kale ndi mpweya. Kenako awonetseni pokokera. M'Chichewa timatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: Thoko-zaa-ni, Chi-mwee-mwe, Mada-lii-tso. Akagwira pamenepo, zina zonse zimamveka bwino.

Yesaninso chidule chake, poti ndi chimene mwanayo adzamve tsiku lililonse. Thokozani adzakhala Thoko, Madalitso Mada, Tiyamike Tiya. Chiitaneni mokweza ngati mukuitana mwana ali kuseri kwa nyumba. Ngati chikufanana ndi mawu oseketsa kapena otukwana m'chilankhulo cha kumene mukukhala, anzake akusukulu adzachitulukira sabata yoyamba.

Tsopano kalembedwe, pomwe ambiri amagwera m'mbuna. Dzina limodzi limatha kulembedwa m'njira ziwiri kapena zitatu: Pilirani, Pililani, Pirirani, Mwayi ndi Mwai, Mavuto ndi Mabvuto. Lamulo la kalembedwe limati r amabwera pambuyo pa i kapena e, kwina konse ndi l, n'chifukwa chake timalemba Pirirani, Chifuniro, Pemphero koma Tadala. "Mabvuto" ndi kalembedwe kakale, ndipo ku Zambia kakadali kofala. Palibe amene angakuletseni kulemba momwe agogo ankalembera, koma sankhani njira imodzi basi. Ilembeni ndi zilembo zikuluzikulu pakapepala, mumupatse wodzaza fomu m'malo momutchulira pakamwa, poti khutu silisiyanitsa l ndi r. Akamaliza, werengani chilembo ndi chilembo musanasaine. Chilembo chimodzi chikasiyana pakati pa satifiketi yobadwira, mapepala a MANEB, chiphaso cha unzika chomwe adzatenge ali ndi zaka 16 ndi pasipoti, mwanayo adzayenda m'maofesi ndi makalata olumbira kuti munthuyo ndi mmodzi yemweyo.

Nthawi nayo ndi yowerengeka. Mwambo umati dzina lidikire mchombo ugwe, mwana atuluke m'chikuta, ndipo zimenezi zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Lamulo la Malawi limapereka masabata 6 kuti mwana alembetsedwe ku National Registration Bureau. Ku England ndi masiku 42, ku Scotland 21, ku South Africa 30. Ngati opereka dzina ndi agogo kapena azakhali akumudzi, apempheni msanga, ndipo atumize mawu pa WhatsApp akulitchula okha, kuti mumve kamvekedwe kake musanagwirizane za zilembo. Akapereka dzina la madandaulo monga Masautso kapena Mavuto, kukana poyera kumabala chidani. Njira imene mabanja ambiri amatsata ndi kulilandira ngati dzina lapakhomo kapena lachiwiri, loyamba papepala n'kukhala lomwe makolo asankha.