Kujambula Mbandakucha ku Senga Bay ndi Utoto wa Madzi

Mwafunsa mmene mungajambulire kutuluka kwa dzuwa ku Senga Bay ndi utoto wa madzi. Choyamba, pezani pepala lochindikala la 300 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala) ndipo mulimate pathabwa ndi tepi, chifukwa pepala la m'kope limakwinyika likangonyowa. Lembani mzere wa chizimezime ndi pensulo mosadinikiza. Kenako nyowetsani mbali ya thambo ndi madzi oyera, n'kudonthezapo utoto wachikasu ndi wofiira kuti mitunduyo ilowererane yokha. Pamene dzuwa likunyezimira panyanja musapakepo kanthu, pakuti kuyera kwa pepalako ndiko kuwala kwenikweniko, ndipo mukakuphimba n'kovuta kukubwezeretsa. Dikirani kuti pepala liume ndithu, zomwe sizichedwa nthawi ya mwera, musanawonjezere mabwato a asodzi ndi burashi yaing'ono yothira utoto wakuda.