Mphaka Si Galu: Kusowa kwa Taurine Kukuwononga Alonda a Nkhokwe

Nyengo yokolola ino alimi ambiri asunga mbewu m'matumba osalowa mpweya ndi m'nkhokwe zachitsulo, ena athira mankhwala a makoswe paliponse. Mbewu yatetezeka, koma amphaka amene ankadalira kugwira makoswe ndi mbewa atsala opanda chosaka. Tsopano akudya zomwe akudya agalu: phala, zotsala za mpunga, madeya, kapena chakudya cha agalu chogula m'thumba. Zotsatira zake zayamba kuoneka. Pali amphaka aakazi akupoloza, ena akugunda zinthu poyenda, ena akungofa akupuma mobanika, eni ake n'kumati adya poizoni.

Chomwe chikusowa m'chakudya chotere ndi taurine. Imeneyi imawerengedwa m'gulu la ma amino acid, tizinthu timene thupi limamangira mapuloteni, koma ndi yosiyana ndi anzake chifukwa iyoyo thupi silimangira mapuloteni. Imakhala payokha m'maselo, makamaka a mtima, a minofu, a ubongo ndi a retina, kachikopa ka kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala. Anaipeza koyamba mu ndulu ya ng'ombe m'chaka cha 1827 akatswiri a ku Germany, Friedrich Tiedemann ndi Leopold Gmelin. Imathandiza maselo kusunga madzi oyenera, imathandiza kayendedwe ka calcium m'minofu ya mtima kuti uzigunda ndi mphamvu, ndipo chiwindi chimaiphatikiza ndi timadzi ta ndulu togayira mafuta.

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu wamkulu amapanga taurine m'chiwindi mwake kuchokera ku ma amino acid ena otchedwa cysteine ndi methionine. Agalu ambiri nawonso amatero. Mphaka amapanga yochepa kwambiri, poti enzyme (chinthu cha m'thupi chothandiza kusandutsa zinthu) yogwira ntchitoyi ndi yofooka mwa iye. Komanso ikachepa, munthu chiwindi chake chimatha kugwiritsa ntchito amino acid ina yotchedwa glycine popanga ndulu, pamene mphaka amaumirira taurine basi, ndipo tsiku lililonse ina imatayika ndi chimbudzi. Chimanga, mpunga, nyemba ndi soya zilibe taurine yoti n'kuiwerengera. Mu mkaka wa ng'ombe muli yochepa zedi. Ndiye mphaka wa phala ndi mkaka amakhuta, ubweya n'kumaoneka bwino, koma nkhokwe ya taurine m'thupi ikutha. Kafukufuku anasonyezanso kuti gaga wa mpunga amatsitsa taurine m'magazi a mphaka, ndiye amene mukuonjezera gagayu kuti chakudya chichuluke mukukulitsa vuto.

Choipa cha vutoli ndi kubisala. Pamadutsa miyezi, nthawi zina kupitirira chaka, musanaone kanthu. Maso amayamba kuwonongeka pakati pa retina, ndipo mphaka wodziwa pakhomo pake amayendabe bwinobwino ndi fungo ndi ndevu zake, mwini wake osazindikira. Pomwe muziona kuti mboni za maso zangokhala zotambasuka ngakhale padzuwa, ndiponso akulephera kudumphira pamwamba, maselo ambiri afa kale, ndipo sabwerera. Kugwirizana kwa khungu limeneli ndi taurine kunatsimikizidwa mu 1975. Za mtima zinadziwika mu 1987, pamene Paul Pion ndi anzake ku yunivesite ya California ku Davis anaonetsa kuti amphaka ambiri amene mtima wawo unkafutukuka, makoma ake n'kupyapyala mpaka kulephera kupopa magazi, ankangosowa taurine, ndipo atapatsidwa anachira. Makampani opanga chakudya cha amphaka anaonjezera taurine, matendawa n'kuchepa kwambiri. Zaka zoposa 35 zadutsa, komabe pakhomo pambiri mawu ndi omwe aja akuti "mphaka amadzifunira yekha". Adzifunira kuti, makoswe mwawatha ndi mankhwala? Mwina n'kugwira khoswe amene wadya kale poizoni.

Mlimi wina amene amaweta nkhuku anabwera kudzadandaula kuti mphaka wake wamkazi wataya bere kawiri, kachitatu anaswa tiana tiwiri tonyentchera, miyendo yakumbuyo yopindika, tonse n'kufa sabata isanathe. Iye ankakana kwamtuwagalu kuti vuto ndi chakudya, poti ankampatsa nyama. Atafunsidwa bwino, zinapezeka kuti ankawiritsa chidali cha nkhuku kwa nthawi yaitali, msuzi n'kuthirira agalu paphala, mphaka n'kupatsidwa nyama youma ija atasakaniza ndi mpunga. Analakwitsa pawiri. Taurine imasungunuka m'madzi, ndiye yambiri inkapita kwa agalu. Ndipo chidali ndiye mbali yosauka: nyama yoyera ya nkhuku ili ndi pafupifupi mamiligalamu 18 pa magalamu 100, pamene nyama yodera ya m'ntchafu ili ndi pafupifupi 170. Mphaka wabereyo ndi amene amafuna yambiri, chifukwa ana amaitenga kwa mayi ali m'mimba komanso poyamwa.

Mtengo wake muuwerenge bwino. Mphaka wakhungu sagwira khoswe. Wamtima wofooka amangogona, sadya, makutu ndi mapazi zimazizira, madzi amadzaza m'chifuwa. Ena magazi amaundana n'kutseka mtsempha waukulu wopita kumiyendo, mphaka n'kufa ziwalo zakumbuyo mwadzidzidzi akulira ndi ululu. Makoswe akadzabwerera, ndipo amabwerera ndithu, mlonda mudzakhala mulibe, ngakhale ana oti alowe m'malo mwake.

Ndamvanso ena akuti taurine ili mu zakumwa zopatsa mphamvu, ndiye angathirireko mphaka. Musayerekeze. N'zoona kuti chitini cha mamililita 250 cha zina mwa zakumwazi chimakhala ndi taurine pafupifupi mamiligalamu 1,000, koma mulinso caffeine, amene kwa mphaka ndi poizoni.

Chochita n'chosavuta. Siyani chakudya cha agalu. Ngati mukugula, gulani cholembedwa kuti ndi cha amphaka, ndipo onani kuti taurine yalembedwa. Bungwe la AAFCO la ku America, loika miyezo ya zakudya za ziweto, limati isachepere 0.10 peresenti m'chakudya chouma ndi 0.20 peresenti m'cha m'chitini, powerengera popanda madzi. Ngati mukukonza nokha, mpatseni mitima, nthutumba, nyama ya m'ntchafu ndi nsomba tsiku lililonse, zophika pang'ono m'madzi ochepa, msuzi wonse upite m'mbale yake. Musathire anyezi kapena adyo, zimaononga magazi a mphaka. Chiwindi chikhale cha apo ndi apo, chifukwa chikachuluka vitamini A amaononga mafupa. Nyama yokhayokha ilibe calcium wokwanira, funsani dokotala wa ziweto za choonjezera. Mphaka akagona, werengani kupuma kwake: kukamapitirira ka 30 pa mphindi nthawi zonse, kapena akamapuma atayasamula, thamangirani naye kwa dokotala tsiku lomwelo. Madokotala amakonda kupereka mamiligalamu 250 a taurine kawiri patsiku, pamodzi ndi mankhwala ochotsa madzi m'chifuwa ngati akufunika. Masabata oyambirira ndiwo oopsa, koma akadutsa pamenepo mtima umabwerera pang'onopang'ono m'miyezi ingapo. Maso okha mankhwala amangoimitsa kuwonongeka pomwe kwafika.